Nkhope ya Munthu Pakati pa Madzi Osefukira: Mafunso ndi Mayankho

Madzi akasefukira, ojambula zithunzi amafika pafupifupi nthawi imodzi ndi opereka thandizo, ndipo nthawi zina amakwera galimoto imodzi. Ambiri amajambula nyumba zakugwa, milatho yoduka ndi mizere ya anthu odikira ufa. Alipo ena ochepa amene amasankha munthu mmodzi, kucheza naye, n'kumupempha kuti aime pamalo pamene anataya katundu wake ayang'ane kamera. Anthu ena amaikayikira ntchito yotereyi, ena amati ndi yochititsa manyazi. Ine ndikuona kuti chithunzi chogwirizana chimanena zoona kuposa chojambula mobera, malinga ngati dzina la munthuyo, mawu ake ndi chimene chinamugwetsa m'mavuto zikuyenda limodzi ndi nkhope yake. Zimenezi zikatsalira m'mbuyo, otsutsa aja amakhala kuti sakunama.

Kodi zithunzi zimenezi zimasiyana bwanji ndi zimene timaona m'nyuzipepala?

Chithunzi cha nyuzipepala chimathamangira chochitika. Wojambula amafuna mphindi imene denga likugwa kapena bwato likufika, ndipo wogwidwa m'chithunzicho nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti wajambulidwa. Ambiri m'chigawo chino akukumbukira za ku Mozambique mu Malichi 2000, pamene mayi wina anaberekera mumtengo pafupi ndi Chibuto madzi a Limpopo atazinga dera lonse, helikopita ya asilikali a ku South Africa n'kudzamutenga pamodzi ndi khandalo. Zithunzi zotere zili ndi ntchito yake, zimadzutsa dziko.

Njira inayo yadziwika kwambiri ndi Gideon Mendel, wobadwira ku Johannesburg mu 1959, amene anayamba kujambula m'zaka zomaliza za tsankho ku South Africa, kenako n'kukhala zaka zambiri akujambula za Edzi mu Africa muno. Mu 2007 anajambula anthu amene madzi anawalowera m'nyumba ku Toll Bar, kumpoto kwa England, ndipo patangopita masabata ochepa anali ku Bihar, ku India, akujambula zomwezo. Apo ndi pamene inayambira ntchito yake yotchedwa Drowning World, imene inamufikitsa ku Haiti mu 2008, ku Pakistan mu 2010, ku Thailand mu 2011, ku Nigeria mu 2012, ku Brazil mu 2015 ndi kwina kwambiri. Kaimidwe ka anthu m'zithunzizo n'kamodzimodzi kulikonse. Munthu waima m'madzi ofika m'mawondo, m'chiuno, mwinanso pachifuwa, pakhomo pa nyumba yake kapena m'chipinda chochezera. Sakuthawa, sakupempha kanthu. Maso ali pa iwe amene ukumuona, chithunzithunzi chake chagwa pamadzi odekha, ndipo kumbuyo kwake kukuoneka chitseko, zenera kapena khoma limene madzi alimiza theka. Kwa zaka zambiri Mendel ankagwiritsa ntchito kamera yakale ya Rolleiflex, imene munthu amaigwira chapamimba n'kumasuzumira kuchokera pamwamba, ndipo filimu yake imodzi imangotenga zithunzi 12. Kamera yotere siyothamanga nayo. Imafuna kuti awiriwo agwirizane kaye, wojambulidwayo adekhe, adikire.

Kuimika munthu m'madzi kuti ajambulidwe, si kupanga sewero kumeneko?

Funsoli ndi loyenera, chifukwa palibe munthu amene angapezeke mwangozi ataima chilili m'madzi ofika m'chiuno. Wina anamupempha. Koma tione chimene chakonzedwa ndi chimene sichinakonzedwe. Madziwo ndi enieni, nyumbayo ndi yake, matope a pakhoma sanachite kupakidwa. Chokonzedwa ndi kaimidwe kokha, ndipo chakonzedwa poyera, pakuti munthu woyang'ana kamera maso ndi maso akukuuza yekha kuti akudziwa zimene zikuchitika. Chithunzi chojambula mobera chimaoneka ngati palibe amene anachikhudza, chikhalirecho nacho chili ndi zosankha zake zobisika. Pamsasa wa anthu mazanamazana, ena akuphika, ena akuchapa, ena akukangana za mndandanda wa maina, ana akusewera mpira wachikulunga. Wojambula amawadutsa onsewa n'kukaima pa mmodzi amene akulira, chifukwa ndiye amene akonzi angamuike patsamba loyamba. Kulirako n'koona, koma woona chithunzicho amayesa kuti mphindi imodzi ija ndiwo moyo wonse wa pamsasapo, ndipo wolirayo sanafunsidwe ngati akufuna kuti dziko limudziwe ndi nkhope imeneyo.

Malire alipo ndithu. Kutengera munthu ku nyumba imene si yake chifukwa choti yagumuka mochititsa chidwi, kuuza mayi kuti avule chitenje chabwino avale chong'ambika, kuletsa mwana kuseka, limenelo ndi bodza, ngakhale cholinga chitakhala chopempha thandizo. Ntchito zina zili m'gulu lakelake. Nick Brandt, wa ku Britain, mu 2020 anajambula ku Zimbabwe ndi ku Kenya anthu amene anavutika ndi namondwe ndi chilala, atawaika pafupi ndi nyama zopulumutsidwa, mu nkhungu yochita kupanga, ndipo mu 2023 ku Fiji anajambula anthu ali pansi pa nyanja. Zimenezi ndi zaluso, mwini wake sabisa kuti ndi zokonza. Zimakhudza mtima, koma sizingaperekedwe ngati umboni wa mmene mudzi wakutiwakuti unalili tsiku lakutilakuti.

Nayonso njira ya Mendel siyongoitengera paliponse. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, Shire akasefukira amabwera ndi ng'ona, ndipo namondwe wa Freddy anagwa dziko la Malawi lili pakati pa mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 1,700. Wopempha munthu kuti alowe m'madzi otero waika chithunzi patsogolo pa moyo. Komanso ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, chimene chinatsika usiku wa namondwe wa Freddy ndi matope ndi miyala ikuluikulu. Kumeneko munthu angaime pamaziko opanda nyumba, pambali pa mwala umene dzulo lake unali m'phiri.

Ziwerengero zilipo kale. Nkhope ya munthu mmodzi ikuwonjezerapo chiyani?

Ziwerengero ndi zofunika, popanda izo boma silingadziwe matumba a ufa ofunika kugula. Freddy, mu Malichi 2023, anasiya anthu oposa 650,000 m'Malawi alibe pokhala, ndipo akufa ndi osowa onse pamodzi anaposa 1,000. Ku Pakistan mu 2022 madzi anakhudza anthu 33 miliyoni. Vuto la manambala otere ndi lakuti akamakula, mtima wa womva sukulira nawo. Ndiponso kalembera wa pamsasa amalemba zimene thandizo lingabweze: denga, mabulangete, ziwiya, mbewu. Salemba satifiketi ya sukulu imene inasungunuka m'sutikesi, kabuku ka kuchipatala ka mwana, manda a makolo amene anakokoloka, kapena chithunzi chokhacho cha malemu bambo. Mendel anazindikira zimenezi moti anayamba kutolera zithunzi za mabanja zoonongeka ndi madzi, zimene mitundu yake inasungunuka n'kuyenderera mpaka nkhope za anthu a paukwati kapena paubatizo kutsala theka. Anajambulanso mzere umene madzi amasiya pakhoma akaphwa, wolunjika ngati wachita kulembedwa ndi rula, wodutsa pa makatani ndi pa makabati. Pamene maiko anagwirizana ku Sharm el-Sheikh mu 2022 zokhazikitsa thumba lolipirira zotayika ndi zoonongeka chifukwa cha kusintha kwa nyengo, mbali yovuta kuiwerengera inali yomweyi, ya zinthu zopanda mtengo wa pamsika. Zithunzi zimafika pamene kalembera safika.

Chinanso ndi chakuti kuika wa ku Toll Bar pambali pa wa ku Bihar, onse ataima mofanana, kumachotsa maganizo oti ngozi zotere ndi za anthu osauka akutali. Wa ku Ulaya woona zithunzizo amakumbutsidwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Apa otsutsa amanena mfundo yolemera: kaimidwe kofanana kamabisa kusiyana kwenikweni. Wa ku England mwina ali ndi inshulansi ndipo khonsolo imupezera pogona, pamene wa ku Bihar kapena ku Makhanga akayambira pa dothi. N'zoona, ndipo kamera payokha singathetse zimenezi. Nkhope ziwiri zimaonetsa kuti mantha ndi amodzi. Zoti wina anabwerera m'nyumba yokonzedwa pamene mnzake anagulitsa mbuzi yotsala kuti agule malata, zimafunika kulembedwa pansi pa chithunzicho, m'mawu a eni ake.

Zithunzi zokongola za anthu ovutika zimagulitsidwa m'nyumba zoonetsera zaluso. Si kuwadyera masuku pamutu anthuwa?

Nkhani imene imaphunzitsa bwino pamenepa ndi yakale. Mu Malichi 1936, Dorothea Lange, akugwira ntchito ya boma la America, anaima pamsasa wa anthu aganyu ku Nipomo, ku California, kumene mvula yachisanu inali itaononga mbewu, ganyu n'kusowa. Anajambula mayi wa zaka 32 atagwira chibwano, ana awiri atabisa nkhope pamapewa ake, khanda lili pamiyendo. Chithunzicho, chodziwika kuti Migrant Mother, chinatuluka m'nyuzipepala ya ku San Francisco, ndipo boma linatumiza chakudya kumsasako, koma chinafika banjalo litachoka kale. Lange sanamufunse mayiyo dzina. Kwa zaka zoposa 40 nkhope yake inazungulira dziko lonse yopanda dzina, mpaka mu 1978 pamene mtolankhani wina anamupeza ku Modesto. Anali Florence Owens Thompson, wa mtundu wa Cherokee, ndipo anadandaula kuti sanapindule kanthu ndi chithunzicho. Lange anali atafotokoza kuti banjalo linagulitsa matayala a galimoto kuti ligule chakudya, koma a m'banjamo anakana zimenezi, anati galimoto yawo inali itangoonongeka panjira. Tisamusenzetse Lange zonse: chithunzicho chinali cha boma, nayenso sankalandira ndalama chikasindikizidwa. Ndipo mu 1983, Thompson akudwala matenda amene anamwalira nawo, ana ake atapempha thandizo, anthu ambiri anatumiza ndalama chifukwa cha chithunzi chomwecho.

Tikaunika bwino, chimene chinamupweteka mayiyu sikukongola kwa chithunzi. Chinamupweteka ndi kusafunsidwa dzina, kufotokozeredwa mbiri yolakwika, ndi kusandutsidwa chizindikiro cha umphawi moyo wake wonse popanda kunenapo kanthu. Kukongola pakokha si mlandu. Chithunzi chojambulidwa mwachisawawa sichilemekeza munthu kuposa chojambulidwa mosamala, ndipo aliyense wodziwa kwathu kuno akudziwa kuti mayi akauzidwa kuti ajambulidwa amayamba wasamba kumaso, kumanga duku bwinobwino ndi kupukuta mwana mphuno. Umenewo ndi ufulu wake, wojambula asamulande ponena kuti akufuna zachilengedwe.

Za ndalama ndi zovutirapo. Atolankhani salipira amene akuwajambula, ndipo chifukwa chake n'chomveka: umboni wogula umakayikitsa, komanso pamsasa pakamveka kuti wolira amalandira kenakake, mawa olira achuluka. Koma chithunzi chikachoka m'nyuzipepala n'kukagulitsidwa pa mtengo wokwera ku London kapena ku New York, chifukwa chimenechi chimachepa mphamvu. Pamenepo n'chilungamo kuti gawo la ndalamazo libwerere kwa mwini nkhope, mogwirizana ndi zimene anapangana poyamba. Chochepetsetsa chimene wojambula angachite ndi kutsuka chithunzicho n'kuchipereka m'manja mwa mwini wake, amene mwina zithunzi zake zonse zinapita ndi madzi.

Munthu wa pamsasa, wodikira thandizo, angathe kukana kujambulidwa?

Apa ndi pamene mfundo yanga ili pangozi kwambiri, chifukwa yonse yatsamira pa kugwirizana. Taganizirani msasa wa m'kalasi ya sukulu ya pulaimale, madesiki ataunjikidwa pakona, mabanja atagawana malo ndi zitenje zopachika pachingwe. Yafika galimoto ya bungwe lothandiza, wapampando wa komiti ya pamsasa walengeza kuti kwabwera alendo, tiwalandire bwino. Wa kamera akufunsa kuti, "Amayi, tingakujambuleni?" Yankho likhala lakuti, "Palibe vuto, bwana, jambulani." Koma mumtima mwa mayiyo muli mndandanda wa maina olandira ufa. Kukana mlendo amene watsika m'galimoto ya othandiza kumaoneka ngati kudzichotsa wekha pamndandandapo.

Kuti kuvomera kukhale kwenikweni, mayiyo auzidwe momveka, makamaka ndi munthu amene amamukhulupirira, kuti kukana sikuchotsa dzina lake ndipo kuvomera sikuwonjezera thumba. Auzidwe kumene chithunzicho chikupita, m'njira imene angaione m'maganizo: kuti chikhala pa Facebook, kuti mlamu wake wa ku Johannesburg akhoza kuchiona pa WhatsApp dzuwa lisanalowe, kuti chikangofika pa intaneti sichibwezeka. Auzidwe m'chinenero chake, kaya ndi Chisena, Chimang'anja, Chilomwe kapena Chiyao. Chilolezo cha amfumu ndi cholowera m'mudzi basi, nkhope ya munthu si ya amfumu. Fomu ya Chingerezi yodindapo chala imateteza bungwe kuposa mmene imatetezera wodindayo. Mu 2017 bungwe la Save the Children linatulutsa kafukufuku wotchedwa The People in the Pictures, amene anafunsa anthu ku Bangladesh, ku Jordan, ku Niger ndi ku Britain. Chimene chinaoneka n'chakuti ojambulidwa ambiri amafuna ndithu kufotokoza nkhani zawo, koma amafuna kumvetsa kumene zikupita, kunenapo maganizo awo, ndi kudzaona zimene zinatuluka. Malamulo aakulu a dziko la Malawi nawo akuteteza ulemu wa munthu m'gawo 19 ndi ufulu wa chinsinsi m'gawo 21, ndipo sakunena kuti maufuluwa amaima munthu akakhala pamsasa.

Dzina nalo lili ndi nthawi yake yobisa. Mtsikana amene wachitiridwa nkhanza pamsasa, kapena mwana amene makolo ake sanapezeke, kutchula dzina lake ndi kumuonjezera katundu. Chofunika n'chakuti wojambula afunse dzinalo, alilembe molondola, ndipo mwini wake kapena womulera ndiye agamule ngati lituluke.

Kodi chithunzi cha munthu m'madzi chingatsimikize kuti nyengo yasintha?

Ayi. Madzi akhala akusefukira m'chigwa cha Shire kuyambira kale. Otsimikiza ndi asayansi, monga a World Weather Attribution amene mu 2022 anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula imene inabwera ndi namondwe wa Ana ndi wa Batsirai ku Madagascar, ku Mozambique ndi ku Malawi. Africa yense amatulutsa gawo lochepa kwambiri la mpweya wotenthetsa dziko, pafupifupi magawo 4 pa 100 aliwonse, kotero wa ku Nsanje akulipira ngongole imene sanatenge. Koma ngozi ya ku Soche ili ndi zoyambitsa zinanso zapafupi: mitengo imene inatha m'phiri, nyumba zomangidwa m'malo otsetsereka chifukwa malo abwino mumzinda ndi odula, ndi kulephera kwa olamulira kuletsa kapena kupereka malo ena. Mawu a pansi pa chithunzi akangonena za kusintha kwa nyengo, amamasula akuluakulu akuno. Akangonena za makala ndi kudula mitengo, amamasula maiko olemera n'kusiya mlandu pamutu pa wosaukayo. Wojambulidwayo akapatsidwa mpata amanena zonse ziwiri mwa iye yekha, chifukwa amadziwa chaka chimene mitengo inatha ndi chifukwa chake anamanga pamenepo, ndipo wa kuchigwa amatha kukuwerengerani ndi zala madzi a 2015, a Idai mu 2019, a Ana ndi Gombe mu 2022, ndi a Freddy mu 2023.

Ndani ayenera kujambula, alendo kapena eni dera?

Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti wochokera kutali amaona zimene ife tazolowera. Vuto lake n'lakuti amachoka ndi ndege sabata yomweyo. Shahidul Alam wa ku Bangladesh, dziko limene kwa nthawi yaitali linkadziwika kunja ndi zithunzi za madzi ndi njala zojambulidwa ndi alendo, anayankha pokhazikitsa Drik ku Dhaka mu 1989, malo osungira ndi kugulitsa zithunzi za ojambula akumeneko, kenako sukulu ya Pathshala mu 1998. Mendel yemwe, pa ntchito ya Through Positive Eyes, anathandiza kupereka makamera kwa anthu amene ali ndi HIV kuti adzijambule okha. Komabe kukhala mwini dera si chiphaso cha khalidwe labwino. Zithunzi za mitembo zimene zimazungulira pa WhatsApp ngozi ikangochitika, achibale asanauzidwe n'komwe za malirowo, sizijambulidwa ndi azungu.

Nanga madzi akaphwa, ntchito yatha?

Madzi amaphwa m'masabata ochepa, sukulu zimafunika kutsegulidwa, misasa imatsekedwa, ndipo apo ndi pamene kusowa pokhala kwenikweni kumayambira, makamera atapita. Banja losamutsidwira kumtunda limapeza kuti malowo ndi a mfumu ina, madzi akumwa ali kutali, dimba kulibe. Posakhalitsa bambo amatsikanso kuchigwa kukalima chimanga cha m'dimba, ndipo madzi akabweranso ena amamunena kuti ndi wosamva. Chithunzi cha tsiku la ngozi sichingafotokoze zimenezi. Chimafuna chinzake cha patapita chaka ndi china cha patapita zaka zisanu, cha munthu yemweyo, kuti zioneke ngati nyumba yolonjezedwa inamangidwa ndiponso ngati mwana wake anabwerera kusukulu. Akonzi a nyuzipepala zakunja kawirikawiri salipira maulendo otere, n'chifukwa chake ntchitoyi ikugwera ojambula akuno, amene basi imodzi imawafikitsa ku Nsanje kapena ku Phalombe. Kuti kubwererako kutheke, chithunzi choyamba chiyenera kusungidwa ndi dzina la munthu, mudzi, mfumu yaikulu ya deralo, tsiku, ndi zimene munthuyo ananena m'chinenero chake. Zithunzi zambiri za madzi a 2015 ndi za Freddy zili m'mafoni, m'makompyuta a mabungwe ndi m'makampani ogulitsa zithunzi a kunja. Nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba ndiwo malo oyenera kuti zina mwa izo zikasungidwe, eni nkhope atavomereza.